Za Kusunga Makobiri Akale, Mtundu Uliwonse Limodzi

Pali kantchito kena kamene ndakhala ndikuchita zaka zambiri kuno ku Mangochi, kamene anzanga ena akayesa chibwana, ndiko kusonkhanitsa makobiri akale amene sagulanso kanthu pa msika. Ndifuna kukufotokozerani kukoma kwake ndi zovuta zake zomwe, pakuti ndiona kuti makobiriwo alikutha mwakachetechete, ndipo posachedwa ana athu adzangomva dzina la tambala osadziwa maonekedwe ake.

Osonkhanitsa makobiri ali ndi njira ziwiri. Ena afuna kobiri la chaka chilichonse, kotero kuti peni imodzimodziyo aisunga kasanu ndi kawiri chifukwa cha kusiyana kwa zaka zolembedwapo. Njira imeneyo ndi ya anthu a chuma ndi a nthawi yambiri. Njira yachiwiri, imene nditsata ine, ndiyo kufuna limodzi lokha la mtundu uliwonse: chithunzi chikasintha, kapena mutu wa mfumu ukasintha, pamenepo ndiye pali mtundu wina, koma chaka chokha chikasintha, sindivutika nalo. Ubwino wake ndi wakuti ntchitoyo ili ndi malire ooneka. Makobiri a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, amene adayamba kusulidwa mu 1955, ali mitundu 7 yokha. A Malawi oyamba, kuyambira 1964 kufikira 1968, ali mitundu 6. Matambala oyamba a 1971 ali mitundu 5. Onse pamodzi akwana 18, ndipo alowa m'kachitini kamodzi ka fodya. Ngakhale mphunzitsi wa kumudzi kapena msodzi akhoza kuyembekeza kuwatsiriza.

Munthu akawayala pa mphasa mwa ndondomeko yake, aona mbiri ya dziko lino. Kale malonda a pa nyanja ino, kwa Mponda ndi kwa Makanjira, anali a nsalu ndi mikanda. Ndipo odziwa zinenero ati ngakhale mau akuti ndalama adachokera ku dirhamu ya Aluya. Pamene Harry Johnston adamanga linga lake pafupi ndi kwa Mponda mu 1891, limene lidatchedwa Fort Johnston, kudabwera rupiya ya ku India, pambuyo pake sheleni ya ku Mangalande. Ndipo msonkho wa nyumba ndiwo udaphunzitsa makolo athu kufunafuna ndalama, ngakhale anali ndi chakudya m'nkhokwe. Kenaka kudafika makobiri a Southern Rhodesia, oyamba kusulidwa mu 1932, okhala ndi mitu ya mafumu George V ndi George VI. Chitaganya cha 1953 chidadza ndi ake: hafupeni yobooka pakati ya akadyansonga awiri, peni yobooka ya njovu ziwiri, tiki ya duwa, sheleni ya mphalapala. Tsono mu 1964, chaka cha ufulu, padaoneka mutu wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, ndipo kuseri kwake tambala pa sikisipensi, chimanga pa sheleni, njovu pa masheleni awiri. Mu 1971 paundi idagawidwa kukhala makwacha awiri, sheleni nisanduka 10 tambala, sikisipensi 5 tambala. Mwana amene wagwira makobiri amenewa m'dzanja lake saiwala msanga zaka zimenezi, monga aiwalira zolembedwa pa bolodi.

Ife a kunyanja tili ndi chifukwa china chowakondera, pakuti nyanja yathu ilimo. Pa masheleni awiri a Chitaganya pali nkhwazi itagwira nsomba, yomweyo imene timva kulira kwake mamawa m'mbali mwa Shire. Ndipo idabweranso pa kwacha imodzi ya 1996. Pa 5 tambala pali chimeza, choima m'bango la ku Malombe. Pa 1 tambala ya 1995, nthawi ya Bakili Muluzi, pali nsomba ziwiri za mtundu wa chambo. Ndipo pa 5 kwacha ya 2006, ya zitsulo ziwiri, pali asodzi pa ntchito yao. Ine ndikaona kakobiri ka chambo mtima undiwawa pang'ono, pakuti chambo chimene chidachuluka kale ku Malombe chidachepa kwambiri, ndipo kakobiri kake nakonso kalikusowa.

Koma musayese kuti ntchitoyi ndi yosalala. Chovuta choyamba ndicho funso lakuti, kodi mtundu n'chiyani? Poyamba lioneka lapafupi, koma munthu akayang'anitsitsa lichita nthambi. Makobiri ambiri a Southern Rhodesia anali a siliva, koma kuyambira 1947 adawasula ndi chitsulo chotsika mtengo, chithunzi chili chomwecho: kodi ndi mtundu umodzi kapena iwiri? India atalandira ufulu mu 1947, mau otcha George VI mfumu yaikulu ya dzikolo adachotsedwa pa makobiri: kodi kusintha kwa mau okha kukwanira? Matambala athu ofiira, ena ndi a mkuwa, ena ndi achitsulo chokutidwa ndi mkuwa, ndipo maso sangawasiyanitse bwino, koma maginito akoka achitsulo okha. Pa ena dzina la Malawi lili ndi kachizindikiro pamwamba pa w, pa ena palibe. A 1995 ali pawiri: ena ali ndi mutu wa Muluzi, ena chizindikiro cha dziko. Palibe mfumu yoweruza mlandu umenewu. Yense adziikira lamulo lake. Langa ndi ili: chimene mwana angachione popanda galasi, ndichiwerenga mtundu; zotsalazo ndizisiya. Wosadziikira malire otere sadzatsiriza, ndipo chimene chidayamba monga chisangalatso chidzasanduka njala yosakhuta.

Chovuta chachiwiri ndicho kuwapeza. Mungayese kuti osowa ndi akuluakulu, koma kawirikawiri ang'onoang'ono ndiwo avuta. Korona ya masheleni asanu ya 1966, yokumbutsa tsiku limene Malawi adakhala Republic, anthu adaisunga m'mabokosi chifukwa inali yokongola. Koma hafupeni ndi 2 tambala ndani adazisamala? Zidagwera mu mchenga wa pa doko, zidapita ndi zinyalala. Mapeni obooka ena adawakhomera pa misomali ya denga, ena adawamangirira ana m'khosi. Ndipo kuno kwathu chitini cha agogo sichikhala ndi makobiri a dziko lino okha: muli masentavo a Apwitikizi odzera ku Chiponde ndi Mandimba, ndi matiki a ku Joni amene adabwera nao amuna a Wenela. Apa munthu ayenera kusankha, kapena asunga a Malawi okha, kapena onse amene adayendapo m'manja mwa anthu a kuno. Ine ndidasankha njira yachiwiriyi, pakuti tiki ya ku migodi inena za ulendo wa atate athu koposa buku.

Chovuta chachitatu ndicho kuwasunga. Chinyezi cha kunyanja ndi thukuta la m'manja zidetsa mkuwa, ndipo achitsulo achita dzimbiri. Wina poona kuda kwake atenga phulusa, mchenga kapena ndimu nawakwecha monga mphika. Pamenepo kobiri liwala tsiku limodzi, koma nthenga za tambala zafufutika, ndipo sizidzabweranso. Madzi oyera ndi sopo pang'ono zikwanira. Muliumitse bwino, muligwire m'mphepete, mulikulunge m'kapepala lokha, ndi kulembapo dzina lake, chaka chake, ndi amene adakupatsani.

Chotsiriza ndi chenjezo. Nthawi ndi nthawi kumveka mbiri yakuti peni yobooka igulidwa ndi ndalama zosawerengeka, ndipo anthu oyendayenda anyenga nayo osadziwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mapeniwo adasulidwa ochuluka kwambiri, ndipo lotha ndi kuyenda liribe mtengo waukulu kulikonse. Wolowa ntchito imeneyi kufuna phindu adzakhumudwa, ndipo kapena adzadana ndi abale ake chifukwa cha chitini cha malemu. Phindu lake lenileni lili pena: mukapita kwa agogo kukapempha kobiri, khalani pansi, afunseni chimene lidagula, ndi thukuta limene adalipezera. Adzakuuzani za msonkho, za mtengo wa nsalu ya ukwati wao, za ulendo wa pa sitima kuchokera ku Monkey Bay. Ndipo zimenezo muzilembe pamodzi ndi kobirilo.

Chifukwa chake ndikupemphani, makolo, musataye timakobiri totsalira m'madirowa ndi m'mabokosi. Kwacha idagwa mphamvu kwambiri mu 2012, nigwanso mu 2023, ndipo tambala salinso pa msika; zimene lero zioneka zachabe, mawa zidzafunidwa osapezeka. Patsani mwana kachitini, muyambe ndi zimene zili m'nyumba, limodzi la mtundu uliwonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo.