Pambuyo pa Gileda pa Msewu wa ku Tsangano

Amayi anzanga, inu amene mumagula mbatata ya kachewere pa msika wa Ntcheu, kodi munayamba mwadzifunsapo kuti thumba lija linatsika bwanji kuchokera kumapiri? Ine ndinali ndisanaganizepo, kufikira mwezi wa Epulo pamene ndinanyamuka kukaona alamu anga cha ku Katsekera, mvula itangoyamba kukata.

Tinatsika basi pa mphambano ya Tsangano, kumpoto kwa boma la Ntcheu, kumene msewu waukulu wa M1 umatsata malire a dziko lathu ndi Mozambique. Pamenepo tinakwera lole imene inali kupita kukatenga katundu. Poyamba ulendo unali wokoma pakuti panali phula, koma phula litatha, nkhani zonse m'lolemo zinatha nalo pamodzi. Dzinja linali litauwononga msewu. Madzi anasiya ngalande nayenda pakati penipeni, nakumba zigwembe zoti mwana angabisalemo, ndipo dothi linali kuterera ngati therere. Tinatitimira kawiri. Abambo anatsika kukakankha, ife amayi tikutola miyala ndi nthambi kuika kunsi kwa matayala. Za chitenje changa chatsopano, chimene ndinavalira kuchilendo, tisanene.

Titakwera chitunda china, nkhungu itakuta mapiri a Kirk Range, tinamva kulira kwa injini patsogolo. Chinali chigileda chachikasu, chikupala msewu pang'onopang'ono monga nkhalamba yopita kumunda. Lole yathu inaima kudikira njira, ndipo woyendetsa gilediyo, bambo wa imvi zake, anatsika kudzapempha madzi akumwa. Ndinawapatsa mbatata yootcha, ndipo ndinati, “Pepanitu bambo, ntchito yanuyi ndi yokhala pampando, koma mwaoneka otopa ngati mwalima tsiku lonse.” Iwo anangoseka, nayamba kutilongosolera.

Chitsulo chopalira chili kunsi, pakati pa makinawo, motero maso a woyendetsa ayenera kukhala pawiri: kutsogolo kumene akupita, ndi pansi pamene chitsulo chikudya. Ntchito yake si kusalaza chabe ayi. Msewu wadothi uyenera kukhala ndi msana pakati, kuti madzi a mvula atsetserekere m'mbali ndi kulowa m'ngalande. Woyendetsa wosadziwa amaupala n'kuusiya wathyathyathya ngati bwalo lopunthira nyemba. Anthu amaombera m'manja, koma mvula yoyamba ikagwa madzi amaima pomwepo ndipo maenje amabwerera. Nthawi yake nayonso njovuta. Dothi likanyowa kwambiri, chitsulo chimangotakasa phala. Likauma gwa m'chilimwe, chimangoutsa fumbi ndipo mabampu sachedwa kubweranso. Pafunika dothi lachinyezi, longa limene timaumbira mbiya, ndipo masabata otere ndi ochepa pa chaka. Tsono kumapiri kuno pali zinanso: nkhungu imabisa phompho, mwala wobisika m'dothi ungathyole chitsulo, ndipo makina akafa, chokonzera chimachokera kutali. Bamboyo anati masiku ena amagona pafupi ndi gileda kulondera dizilo, m'chisanu cha ku Tsangano chimene ngakhale eni dera amachiopa.

Pomvetsera, ndinakumbukira chithunzi chimene mwana wa achemwali anga anatumiza pa lamya kuchokera ku Canada. Kumeneko chotseka misewu si matope koma chipale chofewa chimene chimagwa nyengo yozizira. Oyendetsa magalimoto okhala ndi chitsulo kutsogolo amadzuka usiku kukachikankhira m'mbali ndi kuwaza mchere kuti madzi oundana asungunuke, anthu asanayambe kupita kuntchito. Mwanayo amadandaula kuti galimotolo likadutsa limaunjika chipale pakhomo pake. Ndinaseka ndekha, pakuti nafenso gileda ikatiunjikira dothi pa njira yolowera kunyumba, timaiwala kuthokoza n'kuyamba kulalata.

Ndalama zokonzera misewu ikuluikulu zimachokera kwa ife tomwe, kudzera pa msonkho wa pa mafuta a galimoto, ndiponso, chiyambire 2021, pa chipata cholipiritsa cha pa Chingeni. Bungwe la Roads Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006, ndilo limayang'anira misewu yotere. Koma pali gawo limene makina salifika. Gileda silowa m'kalavati kukachotsa mchenga ndi zinyalala. Imeneyo ndi ntchito ya khasu ndi fosholo, ndipo amene anaona ntchito za MASAF adziwa kuti amayi ambiri ankagwira nawo makasuwo. Apa ndinene mosabisa, ngakhale ena andikwiyire. M'njira monse ndinaona minda yolimidwa mpaka m'ngalande, mizere italoza kumsewu, kotero kuti madzi onse a m'munda amathira pamene pamayenda lole. Mizere iwiri ya chimanga imene tapindula pamenepo ndi yomweyo imene imatsekereza mbatata yathu kumudzi. Woyendetsa uja anati akakumba ngalande yodutsa m'mizere yotere, amene amayamba kumutukwana ndi mwini munda, yemwenso mawa adzaima pamsewu ndi matumba ake.

Ku Katsekera ndinakapeza alamu anga ali ndi matumba a kachewere m'khonde, ena atayamba kununkha. Anali atakumba msanga kuti apeze ndalama ya sukulu ya ana, koma kwa masiku angapo panalibe lole yofika, ndipo wogula mmodzi amene anafika pa njinga yamoto anatchula mtengo wachipongwe, podziwa kuti mayi sangakane. Tinakhala pansi madzulo onse kusankha yabwino ndi kutaya yoola.

Pa tsiku lachitatu m'mawa ana anathamanga kudzanena kuti gileda yafika kuseri kwa sukulu. Dzuwa lisanafike pamutu, malole awiri anali ataima pamsewu, ogula akulimbirana matumba, ndipo alamu anga, manja ali m'chiuno, anakana mtengo woyamba.