Kalata kwa Tadala, amene wapita kukaphunzitsa osambira ku America

Tadala mwanawe,

Amayi ako ndi bambo ako akhala pansi n'kulemba zimene zinawakanika kunena potsanzikana. Ntchito wapezayi, yothandizira mphunzitsi wa timu ya osambira pa yunivesite, kuno kwathu ndi yachilendo. Iwo aifufuza mokwanira, ndipo aona kuti imafuna munthu wodekha, wokhoza kudikira zaka zambiri osadandaula.

Wothandizira amadzuka kusanache. Matimu ambiri amalowa m'madzi ophunzira asanapite m'kalasi, n'kudzabwereranso masana. Iye amaima m'mphepete mwa dziwe, wotchi ili m'manja, kuwerenga masekondi ndi kuona mkono umene ukulowa m'madzi mopotoka. Maiwe a mipikisano ya m'mayunivesite a kumeneko ndi a mayadi 25, osati mamita 50 ngati a ku Olimpiki, choncho wosambira amatembenuka pakhoma kambirimbiri, ndipo mpikisano umatha kutayikira pakhomapo. Nyengo ya mipikisano imathera mu March, pa mpikisano waukulu wa bungwe la NCAA. Bungweli sililola kuti wophunzira achititsidwe masewera kupitirira maola 20 pa sabata nyengoyo ili mkati, koma wothandizira saweruka msanga. Akachoka padziwe amaimbira foni achinyamata a kusekondale ndi makolo awo kuwakopa kuti asankhe sukulu yake, n'kukonzanso za mabasi ndi malo ogona timu ikamayenda. Timu ikapambana, atolankhani amathamangira kwa mphunzitsi wamkulu.

Zimenezi zisakuwawe mtima. Taona Anthony Nesty wa ku Suriname. Mu 1988 ku Seoul anapata mendulo ya golide pa mamita 100 a butterfly, atapambana Matt Biondi wa ku America ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Munthu wotchuka chotero anayamba ntchito pa yunivesite ya Florida mu 1998 ngati wothandizira chabe, ndipo anakhala pansi pa mphunzitsi wina zaka 20. Mpando wa mphunzitsi wamkulu wa timu ya amuna anaulandira mu 2018. Pofika 2024, ndiye anatsogolera timu ya amuna ya dziko la America ku Olimpiki ya ku Paris. Bambo ako nkhani imeneyi amaibwereza kawirikawiri, chifukwa amakudziwa kuti suchedwa kutopa zinthu zikamachedwa.

Ena safuna n'komwe mpando waukulu. Kris Kubik anathandizira mphunzitsi wamkulu Eddie Reese ku Texas zaka zoposa 30, ndipo zambiri mwa zikho 15 za NCAA zimene Reese anatenga zinabwera awiriwa ali limodzi. Ulemu wa Kubik pakati pa osambira sunachepe chifukwa choti anali wachiwiri.

Amayi ako mtima wawo uli pa nkhani ina, ya Kirsty Coventry wa ku Zimbabwe. Mtsikanayu anachoka ku Harare kupita ku yunivesite ya Auburn, komwe anakumana ndi Kim Brackin, mayi amene analowa pa timuyo ngati wothandizira David Marsh. Brackin anamugwira dzanja kwa zaka zambiri. Coventry anapata mamendulo 7 a Olimpiki, kuphatikizapo golide ku Athens mu 2004 ndi ku Beijing mu 2008, ndipo mu 2025 anasankhidwa kukhala pulezidenti wa komiti ya Olimpiki ya dziko lonse lapansi. Pa timu yakoyo padzakhalanso mwana wochokera kutali, wosowa anzake, amene chakudya ndi kuzizira zidzamuvuta. Iwe udzamuzindikira msanga kuposa wina aliyense, poti nawenso ndiwe mlendo. Umufunse za kwawo, umufunsenso za maphunziro ake, chifukwa wolephera m'kalasi amachotsedwa pa mipikisano.

Ntchitoyi ilibe mizu yakuya. Mphunzitsi wamkulu akachotsedwa, wobwera m'malo mwake nthawi zambiri amadza ndi anthu ake. Timu yonse imathanso kuthetsedwa: mu 2020 yunivesite ya Michigan State inalengeza kuti ikutseka matimu ake a osambira, aamuna ndi aakazi omwe. Choncho uziwerenga kontirakiti yako mzere ndi mzere usanasaine, mapepala ako okhalira m'dzikomo azikhala olongosoka nthawi zonse, ndipo mwezi uliwonse uzisungako kenakake. Abale akamapempha, thandiza pomwe ungathe, koma usadzisiye wopanda kanthu kudziko la eni.

Palinso nkhani yolemera imene makolo ako sangaisiye. Mu 2018 dokotala Larry Nassar, amene ankagwira ntchito ndi atsikana a masewera, anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse wotsala chifukwa chowachitira nkhanza zogonana kwa zaka zambiri, pomwe akuluakulu ena anamva madandaulo n'kukhala chete. Kuyambira 2017 ku America kuli bungwe la SafeSport lofufuza milandu yotere. Iwe usadikire lamulo kuti likuuze. Usadzitsekere m'chipinda ndi wosambira muli awiri, usamulembere mauthenga usiku, ndipo mwana akadzakuuza kuti wina wamuchita choipa, ukanene tsiku lomwelo, ngakhale wolakwayo atakhala bwana wako.

Ku Paris mu 2024 dziko la Malawi linatumiza osambira awiri okha, chonsecho ana osambira m'nyanja ndi ambirimbiri kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi. Zonse zimene uphunzire kumeneko uzizilemba m'kope, ndipo ukadzabwera kutchuthi udzapatule masiku ophunzitsa ana a kuno. Ukangofika uimbe foni, ngakhale kuno kutakhala pakati pa usiku.

Amayi ako ndi bambo ako