Musathamangire kufomata, kompyuta imanena yokha chimene chaipweteka

Kuno ku Karonga kompyuta ikayamba kuthimathima, oyenera kulozedwa chala timawadziwa kale. Choyamba ndi kutentha, ndipo amene anakhalapo pa boma pano mwezi wa Okutobala sangatsutse. Chachiwiri ndi magetsi. Chachitatu ndi vairasi. Koma kaya mlandu wagwera chiti, mankhwala amakhala amodzi: kufomata. Mnyamata wokonza amabwera ndi fulashi yake, n'kufufuta zonse, n'kuikamo Windows mwatsopano, mwini n'kulipira. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri matenda aja n'kubwereranso, mnyamata uja n'kuitanidwanso.

Ndikulemba ngati mayi amene amadyera kompyuta. Ndili ndi kashopu kotaipa, kupulinta ndi kuchita fotokope. Amene amandipatsa ndalama ya ndiwo ndi aphunzitsi ochokera mbali za ku Kaporo ndi ku Nyungwe, alembi a makalabu a alimi ampunga, amalonda opita kuchipata cha Songwe, komanso achinyamata ofuna kupulintitsa ma CV. Masiku ano ambiri sabwera ndi pepala. Amangotumiza chikalata chawo pa WhatsApp kapena pa imelo, ine n'kuchitsegula pakompyuta. Kompyutayo ndi ya patebulo, yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo inalowa m'dziko muno monga zimalowera zambiri kuno, kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe. Inabwera yopanda Wi-Fi, choncho ndinagula kachipangizo kakang'ono kobaya pa USB, konga fulashi, kuti izitha kukoka intaneti kuchokera pafoni yanga.

Vuto linayamba chonchi: uli mkati mwa ntchito, sikirini yonse n'kusanduka yabuluu, pamwamba kankhope kokhumudwa, m'munsi timalemba tachizungu, kenako makina n'kuthima n'kudziyatsanso okha. Zimene sunasunge zapita. Tsiku lina kamodzi, tsiku lina kanayi. Mnyamata wina anachokera ku Chilumba ndi kalata yofunsira ntchito imene inkayenera kuperekedwa tsiku lomwelo. Kompyuta inathima katatu ali chiimire. Sanandinyoze, anangoti, “Mayi, ndiyese kwina.” Sindinamuonenso pashopu panga, ndipo kuno mbiri yoti makina a uje amavuta imathamanga kuposa njinga ya kabaza.

Wokonza anafomata katatu m'miyezi iwiri. Ulendo uliwonse ndimatseka shopu tsiku lathunthu, kukopera mafayilo a anthu, kudikira kuti mapulogalamu abwezeretsedwe, kenako kulipira. Ulendo woyamba anati, “Mayi, iyi ndi vairasi, mumabayamo mafulashi a aliyense.” Wachiwiri anati ndi kutentha. Wachitatu anayamba kundinong'oneza zogula ina, ndipo mwamwayi wake anali nayo yogulitsa.

Amene anasintha zinthu ndi mwana wa mchemwali wanga, mtsikana amene anali patchuthi kuchokera kukoleji ku Mzuzu. Sanatsegule makina, sanafufute kanthu. Anandipempha kope ndi cholembera n'kunena kuti, “Amayi aang'ono, ikathima tizilemba nthawi yake ndi chimene timachita, ndipo tiziijambula ndi foni isanadziyatse.” Ndinaona ngati masewera a ana asukulu, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Patatha masiku asanu, kope lija linali ndi nkhani. Zithunzi zonse zinali ndi mawu ofanana m'munsi, DRIVER_IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, ndipo pansi pake panali dzina la fayilo lothera ndi .sys, lomwelomwelo nthawi zonse. Chinanso, kompyuta sinathimepo ndikungotaipa. Inkathima pokhapokha intaneti ili yoyatsa, makamaka tikamakoka fayilo yaikulu.

Pamenepa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake bodza la kutentha linkamveka ngati zoona. Makasitomala amachuluka masana, dzuwa lili paliwombo. Nthawi yomweyo ndi imene ndimakoka zikalata zambiri. Zinthu ziwiri zinkachitikira limodzi, ife n'kugwira chimene khungu lathu likumva. Komatu kompyuta yotenthedwa kawirikawiri imayamba ndi kuliza fani ndi kuchedwa, kenako n'kungoti zii osalemba kanthu. Magetsi akathima, nayonso imangothima. Yolemba mawu pasikirini ndiye kuti yapeza mpata wonena chimene chaichitikira.

Mawu oti dalaivala amasokoneza, chifukwa ife timaganiza za woyendetsa minibasi ya ku Mzuzu. M'kompyuta, dalaivala ndi kapulogalamu kamene kamalumikiza Windows ndi chipangizo chilichonse: pulinta, sikirini, zokuzira mawu, kachipangizo ka Wi-Fi. Ife a ku Karonga tingakamvetse bwino ngati womasulira. Pamsonkhano wina akulankhula Kyangonde, wina Chitumbuka, wina Chiswahili, wina Chichewa, ndipo zonse zimayenda malinga womasulira akhale wolongosoka. Akapotoza mawu amodzi, anthu amakangana popanda amene walakwa. Windows sadziwa chilankhulo cha chipangizo chilichonse chopangidwa padziko lapansi, ndiye wopanga chipangizo amapereka womasulira wakewake.

Nanga bwanji womasulira mmodzi akalakwitsa msonkhano wonse umabalalika? Pulogalamu wamba ngati Word ikasokonezeka imatsekeka yokha, zina n'kumapitirira. Koma madalaivala ambiri amagwirira ntchito m'chipinda chamkati mwenimweni mwa Windows, momwe amatha kukhudza chikumbumtima chonse cha makina. Dalaivala akagwira pamene sayenera kugwira, Windows amasankha kuimitsa zonse kusiyana ndi kupitiriza n'kuwononga mafayilo anu. Sikirini yabuluu ija ndi mabuleki, si ngozi yeniyeniyo. A Microsoft eni ake analemba kuti mwa kuthima kotere kumene anakufufuza, pafupifupi 70 pa 100 kulikonse kunachokera ku madalaivala opangidwa ndi makampani ena, pamene kuwonongeka kwa zipangizo zenizenizo kunali pafupifupi 10 pa 100.

Wina asaganize kuti awa ndi matenda a makompyuta akale a kwathu kuno okha. Pa 19 Julaye 2024 kampani ya ku America yoteteza makompyuta, CrowdStrike, inatumiza kafayilo kolakwika kwa makasitomala ake. Dalaivala wa kampaniyo atakawerenga, makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anaonetsa sikirini yabuluu. Maulendo a ndege anaimitsidwa, mabanki ndi zipatala m'maiko ambiri zinasokonekera. Ndipo anakonza bwanji? Akatswiri anayenda pa kompyuta imodziimodzi, kuiyatsa mu Safe Mode n'kuchotsa kafayilo kamodzi kaja. Sanafunike kufomata.

Ifenso tinayenda njira yonga yomweyo. Mtsikana uja analemba dzina la fayilo ija pa Google, n'kupeza kuti ndi ya dalaivala wa kachipangizo ka Wi-Fi. Sanakhulupirire msanga. Anazula kachipangizoko, n'kulumikiza foni ndi kompyuta pa chingwe kuti intaneti izidzera mmenemo. Masiku anayi, dzuwa lomwelo, ntchito yomweyo, kompyuta osathima. Atakabwezera, inathima tsiku lomwelo chakumasana. Anandiletsa kusintha china chilichonse m'masiku amenewo, ngakhale kupukuta fumbi mkati, ati tikasintha ziwiri nthawi imodzi sitidzadziwa chimene chachiza.

Kenako anayatsa makina mu Safe Mode. Amatero pogwira batani la Shift uku akudina Restart, n'kutsatira zosankha zimene zimabwera. Mmenemo Windows amadzuka ndi madalaivala ochepa ofunikira okha, choncho wovutayo amakhala ali mtulo ndipo amachotseka bwino. Anatsegula Device Manager, pamene pamaoneka mndandanda wa zipangizo zonse, n'kuyang'ana deti la dalaivala uja. Anali wakalekale, wa nthawi ya Windows 7, pamene makina anga amayendera Windows 10. Anamuchotsa, osaiwala kuchonga kabokosi kolamula kuti mafayilo akenso afufutike, apo ayi Windows amangomubwezeretsa. Watsopano anamutenga pa tsamba la kampani yopanga chipangizocho. Bandulo imene inapita pamenepo inali yochepa kuposa imene ndimathera pa mavidiyo a kwaya Lamulungu limodzi.

Chimene chinandiwawa ndi ichi. Dalaivala wakale uja ankachokera mu fulashi ya wokonza yemwe uja. Anyamata ambiri amayenda ndi mtolo wa madalaivala umene anakopera kwa mnzawo, mnzawoyo anakoperanso kwa wina, ndipo akafomata amangouthira wonse. Ndiye kuti katatu konse ndinkalipira kuti matenda achotsedwe m'mawa n'kubwezeredwa madzulo. Sindikuti anachita dala. Ambiri mwa anyamatawa anaphunzira ntchito poonerera, ndipo kufomata n'kumene kumapereka ndalama yooneka. Ndani kuno angalipire munthu amene wangokhala pampando n'kumawerenga sikirini? Ifenso eni makina timafuna kuona thukuta kuti tikhutire kuti ntchito yagwirika.

Kuyambira pamenepo anthu angapo abwera ndi malaputopu awo atamva kuti yanga inachira. Si onse amene vuto lawo linali lofanana ndi langa. Mphunzitsi wina laputopu yake inayamba kuthima akamaonetsa ana vidiyo, ndipo mawu ake anali VIDEO_TDR_FAILURE. Kwa iye wolakwa anali dalaivala watsopano, osati wakale. Tinazindikira polemba mawu oti reliability pamalo ofufuzira a Windows, pamene pamatuluka kalendala yoonetsa tsiku lililonse limene makina anathima ndi chimene chinaikidwamo chapafupi. Kuthima kunayamba tsiku lotsatira dalaivala wa sikirini atasinthidwa. Mu Device Manager muli batani lolembedwa Roll Back Driver, lobwezera amene analipo kale, ndipo ndi lomwelo linathetsa nkhani. Choncho amene amati ingoikani zatsopano nthawi zonse nayenso amaphonya.

Wina anali mlembi wa kalabu ya alimi, ndipo yake inkatchula fayilo yosiyana ulendo uliwonse. Mtsikana uja anali atandichenjeza kale pa foni kuti zikatero dalaivala amangonamiziridwa, wolakwa amakhala RAM. Tinayendetsa Windows Memory Diagnostic, imene ili kale m'makina, ndipo inapezadi vuto. Ameneyo ndinamutumiza kwa wokonza yemwe uja kuti akasinthe chipangizocho, poti pa ntchito ya sikuludiraiva ndi waluso ndithu.

Chikundidetsa nkhawa tsopano n'chakuti a Microsoft anasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri amene tili nawo m'mashopu ndi m'masukulu kuno sakwanitsa zimene Windows 11 amafuna. Anyamata ayamba kale kuikakamiza pa makina akale, amene ena mwa iwo opanga ake sanawalembere madalaivala a Windows 11. Wokonza uja anabwera mwezi watha kudzandiuza kuti angandiikire pamtengo wabwino. Ndinamufunsa ngati wayang'ana kuti pulinta yanga, sikana ndi kachipangizo ka Wi-Fi kaja zili ndi madalaivala ake. Anati akaona kaye, abwera Lachisanu.