Dzina limodzi linatsala pang'ono kutidyera lendi

Kwathu ku Ndirande, achimwene ndi amene amatengedwa kuti anaphunzira zinthu zenizeni. Iwo anachita za makompyuta. Ine ndili chaka chachitatu ku yunivesite ku Zomba, komwe ndimawerenga zolembalemba ndi mbiri yakale. Amalume akabwera kudzacheza amawafunsa achimwene za ntchito, ine amangondifunsa ngati ndakatulo zimadyedwa. Ndinazolowera kuseka nawo.

Patchuthi chapitachi achimwene anapeza ganyu. Kampani ina yaing'ono ya ku Limbe inkafuna pulogalamu yosunga kaundula wa katundu ndi ngongole za makasitomala, yoti izikhala pa seva imodzi ndipo antchito onse azilowamo kudzera pa intaneti. Anagwirizana kuti akakaionetsa Lolemba m'mawa, adzalandira theka la ndalama lomwe linatsala. Ndalamayo tinali titaigawa kale m'mutu: lendi ya miyezi iwiri ndi thiransipoti yanga yobwerera kusukulu.

Loweruka usiku pulogalamu inakana kukompaila. Kwa inu anzanga a mabuku, kukompaila ndi kusandutsa zomwe munthu walemba kuti zikhale zomwe makina angathe kuyendetsa. Pakakhala cholakwika, makinawo sapita patsogolo. Sikirini ya laputopu inadzaza zilembo zofiira, mizere yambirimbiri. Achimwene anafufuta, kukokanso zinthu pa intaneti, kuyesanso. Bandulo inatha, anagula ina. Magetsi anazima cha m'ma 9 koloko, batire n'kuyamba kutsika.

Ndinakhala pambali pawo chifukwa tochi ya foni yanga ndi imene inkaunikira kiyibodi.

"Achimwene, kodi zofiirazi zikuti chiyani?"

"Iwe, izi si ndakatulo. Unika bwino apa."

Koma munthu amene wazolowera kuwerenga sangaone zilembo n'kungozisiya. Ndinaona kuti mizere yambiri inkabwereza mawu amodzimodzi, "cannot find symbol", pamene mzere woyamba weniweni unali wosiyana: "package javax.servlet.http does not exist". Ndinawapempha kuti andifotokozere ngati mwana wa pulayimale. Mwina chifukwa cha kutopa, anavomera.

Anati palibe amene amalemba pulogalamu yotere yekha kuyambira pansi. Zolandira uthenga wochokera kwa wogwiritsa ntchito, zolankhulana ndi nkhokwe ya deta, zosunga mawu achinsinsi, zonsezi anthu ena analemba kale n'kuzimanga m'mitolo yotchedwa malaibulale. Iwe pamwamba pa fayilo yako umangolemba mawu oti "import" ndi dzina la chomwe ukubwereka. Pali fayilo ina, pom.xml, momwe umalembamo mndandanda wa malaibulale onse ndi manambala ake, ndipo chida chotchedwa Maven chimapita pa intaneti kukawakoka. Makina akanena kuti chinthu kulibe, ndiye kuti watchula dzina la chomwe sichinafike. Zofiira zina zonsezo ndi ana a vuto loyambalo.

Apa ndinamva ngati ndili kwathu. Aliyense amene analembapo asayimenti akudziwa kuti ukatchula buku m'kati mwa nkhani, liyenera kupezekanso pamndandanda wa kumapeto, dzina lake ndi chaka chake zikugwirizana. Mphunzitsi wina anandichotserapo mamalikisi chifukwa ndinatchula tsamba la buku losindikizidwa koyamba pomwe pamndandanda ndinaika losindikizidwa kachiwiri. Ndinapempha kuti tione mndandanda wawowo.

Laibulale inalipo. Inalembedwa kuti jakarta.servlet-api, nambala 6.0.0.

"Achimwene, pamwamba paja mwaitana javax. Apa mwalemba jakarta. Ndi munthu mmodzi ameneyu?"

Anakhala chete, kenaka anagwira mutu. Mafayilo ambiri anawatenga ku pulojekiti yawo yakale ya kukoleji, pomwe mndandanda anaukonza kuti ugwirizane ndi seva ya kampaniyo, yomwe imayendera Tomcat 10. Maso awo anali atadutsa pamenepo kakhumi osaona, chifukwa ankadziwa kale chomwe chimayenera kukhalapo. Ine ndinaona chifukwa sindinkadziwa kalikonse koma kuwerenga chilembo ndi chilembo.

Pambuyo pake ndinafufuza chifukwa chake chinthu chimodzi chili ndi mayina awiri, ndipo ndinapeza kuti ndi nkhani ya umwini, yofanana ndi zomwe timaphunzira m'kalasi ya mbiri. Chilankhulo cha Java chinatulutsidwa ndi kampani ya Sun Microsystems mu 1995. Oracle inagula Sun mu 2010. Mu 2017 Oracle inapereka gawo la mapulogalamu akuluakulu a pa seva, lotchedwa Java EE, ku bungwe la Eclipse Foundation, koma dzina loti Java inakhala nalo. Gawolo linasintha dzina kukhala Jakarta EE, ndipo kuyambira pa Jakarta EE 9, yomwe inatuluka mu 2020, mayina oyamba ndi javax m'gawoli anasanduka oyamba ndi jakarta. N'chifukwa chake Tomcat 9 imamva javax.servlet pomwe Tomcat 10 imamva jakarta.servlet. Zokambirana za maloya ndi makampani akutali zinafika mpaka patebulo lathu ku Ndirande, pakati pa usiku, batire ili pa 20 peresenti.

Panali njira ziwiri. Akanatha kubwerera ku laibulale yakale, javax.servlet-api 4.0.1, koma ikanafuna Tomcat 9, ndipo seva si yawo. Choncho anasankha kusintha mayina m'mafayilo. Mwachangu analamula kompyuta kuti paliponse pali javax ilembe jakarta. Zofiira zinachepa, koma panatuluka china chatsopano: jakarta.sql kulibe. Apa anaseka okha. Dzina la javax.sql silinasinthe, chifukwa ilo lili m'thupi la Java yeniyeniyo, silinali m'gulu la zomwe zinasamuka. Anabweza limenelo, laputopu n'kuzima.

Lamlungu vuto linali lina. Poganiza kuti zomwe anakoka zinabwera zoduka, achimwene anali atafufuta foda yonse ya .m2, momwe Maven imasungira malaibulale omwe yakoka kale. Kuti zonse zibwerere pankafunika intaneti yodalirika komanso bandulo ina, ndipo m'thumba munali mutauma. Amene amalemba malangizo a zinthuzi amangoti fufuta, kokanso, ngati intaneti ndi madzi a pachitsime. Kuno kukokanso ndi ndalama ya ndiwo. Anakwera minibasi kupita ku Zingwangwa kwa mnzawo wa kukoleji, anakopera foda yake pa fulashi, anabwera n'kuuza Maven kuti igwire ntchito osapita pa intaneti, ndi lamulo loti "mvn -o package". Panasowa laibulale imodzi yokha, yomwe anakoka ndi kabandulo ka foni yanga. Cha m'ma 4 koloko masana panatuluka mawu awiri omwe sindidzawaiwala: "BUILD SUCCESS".

Sindikunena kuti ndinakonza pulogalamu. Sindingathe kulemba ngakhale mzere umodzi wa Java, ndipo akanapanda achimwene, kusiyana kwa mayinako kukanangokhala chodabwitsa chopanda ntchito. Chomwe ndikukana ndi mpanda womwe timamanga kuyambira ku sekondale, woti awa ndi a sayansi, anzeru, awo ndi otsala omwe anathawira ku mabuku. Mpandawu umatipweteka mbali zonse. Ife a mabuku timaopa sikirini ngati kuli njoka, pomwe uthenga wa cholakwika ndi chiganizo chabe, chokhala ndi mwininkhani ndi mneni. Anzathu a makompyuta nawo amaphunzira kuthamanga: kukopera uthengawo, kuuponya pa Google kapena pa ChatGPT, kumata yankho loyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha pa mawu ndi luso lomwe limaphunziridwa, monga momwe Java imaphunziridwira.

Komanso nkhaniyi si ya kampani ya ku Limbe yokha. Unduna wa Zaumoyo kuno umagwiritsa ntchito DHIS2 posonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala. Pulogalamu imeneyi inachokera ku University of Oslo, seva yake inalembedwa mu Java ndipo imayendera Tomcat. Nayonso yaima pa malaibulale a anthu ena. Mu Disembala 2021, pamene kunapezeka bowo mu laibulale ina ya Java yotchedwa Log4j, makampani ndi maboma padziko lonse anathamanga kufufuza ngati mapulogalamu awo anali nayo, ndipo ambiri anapeza kuti anaibwereka osadziwa, kudzera m'malaibulale ena. Dziko lomwe likusamutsira kaundula wake m'makompyuta likufunika anthu odziwa kufunsa kuti ichi tabwereka kwa yani, mwini wake ndani, chikasintha dzina titani. Mafunso amenewa ndi omwe ife timafunsa buku lililonse.

Lolemba achimwene anapita ku Limbe atavala shati yawo yoyera. Anabwera madzulo ndi nkhuku yamoyo, lendi inalipidwa, ine ndinakwera basi ya ku Zomba Lachitatu. Amalume anamva nkhaniyi kwa amayi, ndipo anandiimbira foni. Anandifunsa ngati tsopano ndasiya ndakatulo n'kuyamba makompyuta. Ndinawayankha kuti ayi, amalume, ndikadali kuphunzira kuwerenga.