Masika ku Angonia: Ulendo Wokaona Makolo ku Domwe

Munthu wochokera mumzinda wa Tete, akadutsa pa Moatize n'kupatukira kumanzere pa Mussacama, amayamba kukwera mtunda pang'onopang'ono, ndipo asanafike pa Ulongwe amakhala atatseka kale mazenera a galimoto chifukwa cha mphepo. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 230, koma uli ngati wochoka m'dziko lina kulowa m'dziko lina. Kumunsi kuja kuli malambe, mbuzi ndi kutentha kwa chigwa cha Zambezi. Kumtunda kuno kuli minda yachonde, madambo, ndi ng'ombe zokoka ngolo. Madzi a m'mapiri athu amatsikira mumtsinje wa Revubwe kukathira mu Zambezi pafupi ndi Tete, ndipo chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere zochokera kuno zimatsikiranso komweko kukadyetsa anthu a mumzinda.

Dziko limeneli limakoma koposa m'nyengo ya masika, kuyambira kumapeto a Malichi kufikira m'mwezi wa Meyi. Mvula imakhala italekeza, matope a m'misewu atauma, koma fumbi la chilimwe lisanabuke. Udzu umayamba kufiira, mitambo imapepuka, ndipo m'mawa mame amanyowetsa miyendo ya wopita kumunda. Njala ya mu Januwale ndi Febuluwale imakhala itapita. Ngakhale m'nyumba ya munthu wosauka simusowa dzungu pamoto kapena dowe wowotcha.

Tsiku la pabanja

M'miyezi imeneyi banja limadzuka kusanache. Bambo ndi ana okulirapo amapita kukadula chimanga ndi kuimika mikukwe kuti chiume bwino, ena amakazula nyemba ndi soya, ena amakumba mtedza. Mayi amakhala ndi ntchito ziwiri, ya kumunda ndi ya pakhomo. Iyi ndiyo nthawi yofutsa ndiwo: nkhwani, khwanya ndi chitambe zimafutsidwa, n'kuyanikidwa pamphasa, n'kumangidwa m'zikwatu za masamba a msuku, kuti pofika mu Seputembala, kunja kutayera, pakhomo pasasowe chodyera nsima. Mtsikana amene amaphunzira kumanga chikwatu pambali pa amayi ake amaphunzira kuganizira za mawa.

Dzuwa likapendeka ngolo zimabwerera kumudzi zitadzaza, ana atakhala pamwamba. Madzulo anthu amazungulira moto, manja ali kalikiliki kutonola chimanga, zitsononkho zikuponyedwa pamoto pomwepo. Pamenepo ndi pamene nthano zimakambidwa, ana amafunsidwa zimene aphunzira kusukulu ndi ku Sande sukulu, ndipo m'mabanja amene sanataye mwambo wabwino, Buku Lopatulika limatsegulidwa asanakagone.

Masika ndi nyengonso yoyenderana. Pa dzinja munthu sachoka pamunda pake, ndipo amachita manyazi kukafika pakhomo pa mbale wake podziwa kuti ufa ndi wowerengeka. Koma zokolola zikayamba kulowa, njira zimatseguka. Maukwati amayamba kulengezedwa m'mipingo, zinkhoswe zimachuluka, ndipo ana amene akukhala m'tauni amakumbukira kwawo.

Panjira ya ku Domwe

Ife tinanyamuka pa Ulongwe Loweruka lina m'mwezi wa Meyi, mabanja atatu a pachibale pamodzi ndi ana athu, kupita kukaona agogo amene akukhala m'mudzi wa kufupi ndi phiri la Domwe. Tinatenga zimene mwana amatengera kholo lake: shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira ndi nsalu ya kapulana. Tinakwera chapa yodzaza ndi matumba, madengu ndi nkhuku, ndipo aliyense m'galimotomo ankakamba nkhani imodzi, ya mtengo wa chimanga ndi soya.

M'mbali mwa msewu munali masikelo atapachikidwa m'mitengo, ogula atakhala pamatumba kudikira. Amayi ankabwera ndi ndowa pamutu, abambo ndi matumba panjinga. M'madambo tinaona anthu akukonza madimba a kachewere, kabichi, anyezi ndi matimati, pakuti mlimi wa kuno sapuma akakolola chimanga. Ana athu, amene anabadwira m'tauni, ankafunsa dzina la chilichonse, ndipo wamng'ono anadabwa kumva kuti ngolo ilibe injini.

Phiri la Domwe limaonekera kutali. Kutalika kwake kumapitirira mamita 2,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo m'mawa wa masika mutu wake umakhala utafunda nkhungu. Pafupi ndi phiri limeneli ndi pamene Angoni a kwa Maseko anakhazikika m'zaka za m'ma 1800, pakati pa Achewa amene anawapeza, ndipo dzina la Angonia linachokera kwa iwo. Lero tonse tilankhula chilankhulo chimodzi, takwatirana, ndipo tikhala pa benchi limodzi m'nyumba ya Mulungu.

Titatsika m'galimoto tinayenda pansi ndithu, kudutsa m'minda ya mikukwe. Aliyense wokumana naye ankatipatsa moni, ndipo mayi wina amene sitikumudziwa anathyolera ana athu nzimbe osafunsa kuti ndi a kwa yani.

Pakhomo pa agogo

Tinaodira tili chapatali, ndipo agogo anayankha ali pakhonde, akusankha nyemba m'lichero. Mphasa zinayalidwa, amayi anagwada, ndipo moni unayenda mwa dongosolo lake, kuyambira wamkulu kufikira khanda. Agogo sanatchule aliyense dzina lake la ubatizo. Ankatitchula ndi ziwongo zathu, ndipo ana anamva koyamba mmene makolo awo amalemekezedwera kwawo. Thobwa linabwera m'chipanda, kenaka maungu ophika ndi mtedza wauwisi. Tambala amene ankalira pamene tinkafika sanalirenso.

Titadya, amalume anatitengera kuseri kwa nyumba kukationetsa nkhokwe imene anali atangoimata kumene. Agogo anatitsatira ndi ndodo yawo, ndipo ataima pamenepo anati, "Ana inu, chimanga chimaoneka chambiri chikakhala pamkukwe. Mukadzachiyang'ane mu Januwale, ndi pamene mudzadziwe kukula kwake." Kenaka anatembenukira kwa mdzukulu wawo wamkulu n'kumufunsa kuti, "Iwe, kwanu mumadya matumba angati pachaka?" Mnyamatayo sanadziwe. Agogo anaseka, nati munthu wosadziwa chimene amadya sangadziwe chimene angagulitse.

Madzulo, titazungulira moto, tinawapempha kuti afotokozere anawo za kale. Anayamba ndi zimene iwonso anamva kwa makolo awo. Ntchito ya mpingo wathu m'dera lino inayambira pa Mphatso, kumene kunali Mbusa A.G. Murray, koma m'chaka cha 1922 boma la Apwitikizi linatseka ntchitoyo. Kwa zaka zambiri Akhristu a kuno analibe mbusa wokhala pakati pawo. Ankapemphera m'nyumba ndi pansi pa mitengo, ndipo pofuna ubatizo kapena Mgonero wa Ambuye ankayenda pansi kudumpha malire kupita ku mipingo ya Nkhoma, m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Nyasaland. Ulendo wotero unkatheka bwino mvula ikatha, mitsinje itaphwa, kamba wa panjira alipo.

Kenaka anakamba za zimene anaziona ndi maso awo. Nkhondo itakula m'zaka za m'ma 1980, midzi yambiri ya kuno inatsala mabwinja, anthu atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Amene anali ndi nkhokwe zawo anayamba kuima pamzere kulandira ufa ndi nandolo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, napeza minda itamera tchire. Agogo anati chimene sadzaiwala ndi dzungu loyamba limene anathyola m'munda wawo atabwerera. Sanaliphike tsiku lomwelo. Analisunga kufikira Lamulungu, nalitengera kutchalitchi chimene chinali chisanafoleredwe n'komwe.

Ana anakhala chete. Pafoni agogo amangofunsa ngati tadzuka bwino, mphindi zisanathe. Nkhani zotere zimatuluka pamoto, munthu akakhala nawo pansi usiku wonse.

Sikelo ndi nkhokwe

Zimene tinaona panjira ndi zimene tinamva pankhokwe zija ndi nkhani imodzi, ndipo ikukhudza banja lililonse la mumpingo. M'mwezi wa Meyi chimanga chimakhala paliponse, choncho mtengo wake umatsika. Pofika Januwale chimasowa, ndipo mtengo umakwera. Mlimi amene wagulitsa chochuluka pa masika amadzagula chimanga chomwecho pamtengo wokwera, ndipo popeza ndalama zimakhala zitatha, amakagwira ganyu m'munda wa wina pamene munda wake ukufuna kupalira. Zokolola za chaka chotsatira zimachepa, ndipo amalowanso m'mavuto omwewo.

Sitikunena kuti kugulitsa n'kulakwa. Pali ngongole ya feteleza, pali zofunika za kusukulu, pali matenda, pali malata ofolera nyumba. Amene amapita kumisika ya m'malire, monga pa Lizulu, pamene msewu waukulu ndiwo malire, mbali ina Malawi mbali ina Mozambique, akudziwa mmene ndalama imakopera: metikali ndi kwacha zonse zimayenda, ndipo katundu wa m'sitolo amakhala ataunjikidwa poyera. Chovuta ndi kugulitsa osawerenga, ndiponso kugulitsa mobisirana. Alipo abambo amene amatapa m'nkhokwe mkazi wawo ali kumadzi, ndalama n'kukathera kumowa tsiku la msika. Alipo amayi amene amasinthanitsa ndowa ya chimanga ndi mbale zapulasitiki. Akulu a mpingo amadziwa kuti milandu yambiri ya m'mabanja imene imafika kwa iwo pa dzinja inayambira pasikelo nthawi ya masika.

Kuwerengako si kovuta. Kuchokera mu Meyi kufikira dowe wa chaka chamawa ndi miyezi khumi kapena kupitirira. Mwamuna ndi mkazi akhale pansi, aone kuti thumba la makilogalamu 50 limawatha masiku angati, awerenge matumba a miyezi yonseyo, awonjezepo a alendo, a maliro ndi a olima nawo. Chotsala ndicho cha kusikelo. Ngati pali soya, nyemba, fodya kapena kachewere, zimenezo ndizo ziyambe kugulitsidwa. Chilala cha 2024, chimene chinawononga minda m'madera ambiri a chigawo cha Tete, chinaonetsa kuti chaka chabwino sichilonjeza chinzake. Nkhani ya Yosefe ku Ejipito, pa Genesis 41, ikuphunzitsa zomwezo: chakudya cha zaka za njala chinasungidwa m'zaka za dzinthu.

Chosungidwacho chisamalidwe. Chimanga chosauma chimachita chuku, ndipo chuku chimenecho chimadwalitsa. Njira yapafupi yodziwira ngati chauma ndi kuthira maso a chimanga m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, n'kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimanga chikadali ndi chinyezi. Chikauma chitetezedwe kwa anankafumbwe, potsata bwino malangizo a alangizi a zaulimi, ndipo matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma.

Lamulungu la masika

M'mawa mwake tinapita kukapemphera ndi agogo. Linali tsiku la chopereka cha masika. Tinaona anthu akutsika m'tinjira tonse, wina ndi dengu la chimanga, wina ndi nyemba m'kansalu, wina ndi nkhuku kukhwapa, mwana wina atasenza dzungu lalikulu kuposa mutu wake. Amayi a Chigwirizano analowa akuimba, ndipo kutsogolo kwa guwa kunadzaza. Mayi wina wamasiye anabweretsa mbale imodzi ya nzama, naiika pambali pa matumba a anthu olemera popanda manyazi.

Mkulu wa mpingo amene analalikira anawerenga Levitiko 19, pamene Aisraeli analamulidwa kuti pokolola asamalize m'mphepete mwa munda ndi kuti asatole khunkha, koma asiyire osauka ndi alendo. Anakumbutsa mpingo kuti Rute anakhala ndi moyo chifukwa cha lamulo limeneli. Kenaka anafunsa funso limene linatilasa tonse: kodi m'mudzi muno ndi ndani amene chaka chino sanakolole? Anthu anayamba kutchula okha, nkhalamba ina yosaona, banja lina limene linagonera kuchipatala nthawi yopalira, ana amasiye a nyumba ina. Atumiki analemba, ndipo mpingo unagwirizana kuti gawo lina la choperekacho lisagulitsidwe, koma lisungidwe kufikira Januwale chifukwa cha anthu amenewa. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika.

Tinabwerera madzulo a tsiku lomwelo titalemedwa kuposa mmene tinapitira, pakuti kholo silitsanzika mwana chimanjamanja. M'matumba mwathu munali maungu, mtedza, zikwatu ziwiri za mfutso ndi nkhuku ya mdzukulu wamng'ono.

Abale ndi alongo mwa Ambuye, chisanu cha Juni chili pafupi, ndipo okalamba athu ndi amene chimawapweteka koposa. Amene muli ndi makolo kumudzi, musadikire uthenga wa matenda kapena wa maliro kuti mukwere galimoto. Pitani tsopano, chakudya chikadalipo, mutenge ana, mutengenso bulangete. Mukafika, kayang'aneni denga la nyumba yawo ndi nkhokwe yawo, ndipo mukagone kumeneko usiku umodzi kuti anawo amve kumene anachokera. Amene makolo anu anatsogola, m'mpingo mwanu simukusowa nkhalamba imene ilibe woiyendera. Ambuye adalitse zokolola zanu ndi mabanja anu.