Chithunzi cha m'sutikesi n'cha yani?

Pa intaneti pali buku lotchedwa Wikipedia, limene linayamba mu 2001 ndipo amalemba ndi aliyense wofuna. Lilinso m'Chichewa. Zithunzi zake zimasungidwa m'nkhokwe ya Wikimedia Commons, ndipo kumeneko chithunzi chopanda chilolezo cha mwini wake amachifufuta.

Funso n'lakuti mwini wakeyo ndani. Ambirife timati chithunzi n'cha amene akuoneka pamenepo, kapena amene wachisunga m'sutikesi. Lamulo likuti mwini ndi amene anajambula. Kuno ku Mozambique ufulu umenewu sutha pa maliro ake, umapitirira kwa ana ake zaka 70.

Mphwanga wa ku Cuamba anandipeza ku Mandimba mwezi watha. Ankafuna chithunzi changa chakale cha tchalitchi cha Massangulo, m'boma la Ngauma, mishoni imene ansembe a Consolata anakhazikitsa mu 1928. "Amalume, n'chanu ichi, ingovomerani ndichiike," anatero. Ndinamuuza kuti pepalalo ndi langadi, ndinagula ndi ndalama zanga, koma anajambula ndi bambo wina woyenda ndi kamera panjinga. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi kudzera pa Chiponde. Mtendere utabwera mu 1992 ife tinabwerera, iye ayi.

Mnyamatayo anaseka, ati ndani angadziwe. Komatu kumeneko amafunsa. Chithunzi chikakhala cha wina, mwini wakeyo ayenera kulemba yekha kalata ya imelo kwa anthu odzipereka amene amaona za zilolezo. Mawu oti "anandilola pakamwa" sawamva.

Chimene chinandiimitsa mutu ndine n'china. Chilolezo chawocho n'chachikulu, abale. Ukavomera, aliyense padziko angatenge chithunzicho, kuchisintha, ngakhale kuchisindikiza pakalendala n'kumagulitsa, bola atchule dzina la wojambula. Ndipo ukapereka wapereka, sungadzabweze mawa. Kodi ine ndingavomere zoterozo m'dzina la munthu amene anavutika kupalasa njinga kukwera mapiri a Ngauma? Ana ake, ngati alipo ku Mangochi uko, angandione bwanji?

Chithunzicho ndinachibweza m'sutikesi. Mphwangayo ndinamupatsa ya galimoto kuti apite ku Massangulo akajambule yekha ndi foni yake, atapempha kaye kwa ansembe. Ndinamuuzanso kuti amayi otuluka m'tchalitchi asawajambule mowabera. Dzina la bambo wa kamera uja lili kumbuyo kwa chithunzi, ndipo ndatuma wa kabaza wa pa Chiponde kuti andifunsire.