Akuti mpingo wafooka

Teremu ino yandipanikiza, mapepala ochonga ali mulu, n'chifukwa chake ndinangoti zii. Koma pali nkhani imodzi imene ikundipeza kulikonse, mu stafu rumu, kutchalitchi, ngakhale pa foni, ndiye ndati ndiikepo mlomo.

Nkhani yake ndi yakuti mpingo wafooka. Ambiri a inu, makamaka anyamata, mumanditumizira timakanema pa WhatsApp ta alaliki a ku America, ku Britain, ena a ku Nigeria. Onse akuimba ng'oma imodzi: Chikhristu cha masiku ano chasukuluka, abusa akuopa kutchula tchimo ndi dzina lake, amuna athawa m'matchalitchi, tibwerere ku maziko akale. Ndipo si nkhani ya pakamwa chabe. Mu 2008 mabishopu ambiri a Anglican, ochuluka a kuno ku Africa, anakumana ku Jerusalem n'kuyambitsa gulu la GAFCON, ndipo mu 2023 ku Kigali ananena poyera kuti sakuvomerezanso utsogoleri wa Canterbury chifukwa cha nkhani yodalitsa maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Ku America mipingo yoposa 7,000 inatuluka mu United Methodist pa nkhani yomweyo. Kuno kwathu, mu July 2023, akhristu ndi asilamu anayenda m'misewu kukana maukwati otere. Mu December chaka chomwecho, chikalata cha ku Vatican chitalola ansembe kudalitsa anthu otere, maepiskopi a Katolika a ku Malawi anali m'gulu la oyamba kunena kuti kuno ayi.

Ndinene kaye pamene ndaima, kuti wina asandimve molakwa. Ine ndine wa CCAP, ndinakulira m'kalasi ya katekisimu, ndipo ndimakhulupirira kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Sindikondwa ndi ulaliki umene umangosisita anthu pamsana, kapena uja wolonjeza galimoto ndi viza kwa aliyense woponya chopereka chambewu. Pa zimenezi tili limodzi. Chimene chimandivuta ndi muyeso umene tikuyezera kulimba kwathu. Ulendo uja wa mu July 2023 unatidyera chiyani? Malamulo a dziko anali kale mbali yathu, ndipo khoti linawatsimikizanso mu June 2024. Andale a zipani zonse anali mbali yathu. Anthu a m'mudzi ndi a m'tauni anali mbali yathu. Munthu anayenda, anaimba, anabwerera kwawo n'kukadya nsima, m'mawa mwake ntchito yake ilipo. Sindikuti kunali kulakwa kuyenda. Ndikungoti kufuula chinthu chimene mudzi wonse ukuvomereza sikutiuza ngati munthuyo ali ndi msana.

Anzanga ena mu stafu rumu amapitirira apo. Amati nthawi ya Kamuzu ndiye kunali mwambo, ana amaopa akulu, atsikana amavala modzilemekeza. Ndi zoona kuti kunja kwake dziko limaoneka loopa Mulungu. Lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi yaifupi. Mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa. Bungwe loona za mabuku ndi makanema linkadula chilichonse chooneka cholaula. Ana tinkaloweza ngodya zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Pulezidenti mwini wake ankanyadira kuti ndi mkulu wa mpingo wa Church of Scotland. Ngati kubwerera ku zakale kukutanthauza zovala ndi kumvera, ndiye kuti tinafikako kale, tinakhalako zaka 30.

Koma m'dziko lomwelo la masiketi aatali, mu May 1983, Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa n'kukaponyedwa ku Mwanza, boma n'kunena kuti ndi ngozi ya galimoto. Anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, monga Jack Mapanje amene anakhalako kuyambira 1987 mpaka 1991. Matchalitchi anali odzaza Lamulungu lililonse, makwaya akuimba bwino, ndipo ku guwa kunali zii.

Amene anaima nji m'zaka zimenezo anali anthu amene ife a mipingo ikuluikulu sitigwirizana nawo chiphunzitso, a Mboni za Yehova. Anakana kugula khadi la chipani, khadi la matambala ochepa chabe. Boma linawaletsa mu 1967. Mu 1972 anachotsedwa ntchito, nyumba zawo zinatenthedwa, amayi anachitidwa zosaneneka, ndipo zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique. Ambiri anakatsekeredwa ku Dzaleka ku Dowa, komwe lero kuli othawa kwawo. Chiletso chinachoka mu 1993. Ine sindidzalowa mpingo wawo, ndipo akafika pakhomo timakangana mpaka tiyi azizire. Koma ndikamva munthu akulankhula za chikhulupiriro chosagwedezeka, ndimaganiza za agogo amene anasiya munda, nkhokwe ndi mbuzi chifukwa cha kakhadi kamene anansi awo onse, akhristu obatizidwa, anali nako m'thumba.

Kenako kunabwera 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti. M'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi, imene pa Chingerezi imatchedwa Living Our Faith. Ine ndinali ku pulayimale. Chimene ndikukumbuka ndi chakuti akuluakulu ankalankhula monong'ona, mwana akayandikira n'kusintha nkhani. Ana asukulu ambiri lero amaidziwa kalatayi ngati deti loloweza pa mayeso, koma ndi ochepa amene anaiwerenga. Ukaiwerenga umadabwa kufatsa kwake. Mulibe kutukwana, mulibe kuitana anthu kuti agwetse boma. Ikunena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro osakwanira, za mitengo imene alimi ankagulidwira mbewu zawo, za ziphuphu ndi kukondera achibale, za zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za mantha amene ankatseka anthu pakamwa. Ikunenanso za ife: makalasi odzaza, kuchepa kwa aphunzitsi ndi mabuku. Zonsezi aliyense ankazidziwa. Chachilendo chinali chakuti anthu ena anazilemba, n'kusayina maina awo pansi.

Taonani tsono mtengo wake. Maepiskopi, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona, anaitanidwa ku polisi ku Blantyre n'kufunsidwa mafunso maola ambiri. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo ndi mlandu. Akuluakulu a chipani anachita msonkhano ku Lilongwe pamene ena analankhula zopha maepiskopiwo. Malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka, kumene kalatayo inasindikizidwa, anayatsidwa moto. Monsinyo John Roche, wa ku Ireland, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anapirikitsidwa m'dziko muno mu April. Ndipo musaiwale akatekisiti ndi ansembe a kumidzi amene anaimirira kutsogolo n'kuiwerenga mpaka kumapeto, akudziwa kuti apayoniya ndi ayufi ali pomwepo pa benchi. Maina awo sali m'mabuku a mbiri.

Ife a CCAP sitinalankhule ndi mawu amodzi. Masinodi a Blantyre ndi Livingstonia analowa m'nkhondoyo, mu June 1992 atsogoleri awo pamodzi ndi nthumwi za mipingo ya Reformed ya kunja anapereka kalata yawo kwa Kamuzu, ndipo abusa ena monga a Aaron Longwe anamangidwa. Sinodi ya Nkhoma inaima pambali. Komiti ya PAC inabadwa chaka chomwecho, pa 14 June 1993 kunali riferendamu, ndipo pa 17 May 1994 tinavota.

Chimene ndikufuna muone n'chakuti maepiskopi aja sanali anthu a chiphunzitso chatsopano. Pa nkhani za ukwati, kuchotsa mimba ndi zina zotere anali osasunthika ngati wina aliyense wa ife. Kulimba kwawo kunachokera ku zakale zomwezo: kuti munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndiye Kaisara alibe mphamvu yomupondereza. Ndi mzere womwe uja wa Natani pamaso pa Davide, Eliya pa nkhani ya munda wa Naboti, ndi Yohane Mbatizi amene anadzudzula Herode pa nkhani ya ukwati. Inde, ya ukwati. Koma Yohane sanadzudzule munthu wamba wopanda pothawira, anadzudzula mwini ndende, ndipo analipira ndi mutu wake. Ndikamamvera alaliki a m'timakanema tija ndimafunsa kuti: amene akumudzudzulayo angawachite chiyani? Nthawi zambiri yankho ndi lakuti palibe. Owaonera amangochuluka.

Pali china chimene chimandipweteka m'timakanema timeneti, chija chonena kuti mpingo wafooka chifukwa wadzaza akazi. Ana anga, pitani kumaliro alionse muone amene amagona pansi usiku wonse. Funsani amene ankasambitsa odwala m'zaka zija Edzi inkatha anthu, mankhwala otalikitsa moyo asanafike m'zipatala za boma. Namondwe wa Freddy atagumula Chilobwe ndi Soche mu March 2023, anthu atadzaza m'makalasi ndi m'matchalitchi, amene ankaphika ndi kutola zovala anali amayi a Mvano ndi anzawo a mipingo ina. Mukafuna kuti amuna abwerere kutchalitchi ndikugwirizana nanu ndi manja awiri. Koma abwere kudzanyamula katundu, chifukwa mipando yapatsogolo ndiye sanaisiyepo.

Tsopano tifike pakhomo pathu, aphunzitsi anzanga. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 77 pa 100 alionse m'dziko muno ndi akhristu. Ndiye kuti ndalama za Cashgate zimene zinabedwa ku Capital Hill mu 2013 zinadutsa m'manja mwa anthu ambiri obatizidwa. Mayeso a fomu 4 a mu 2020, amene anathetsedwa mu November chifukwa chobooka, ana n'kulembanso mu January 2021, sanabooledwe ndi azungu kapena chikhalidwe chachilendo. Timayamba asembule ndi pemphero, misonkhano ya makolo ndi pemphero, ngakhale mayeso ndi pemphero. Koma tonse tikudziwa sukulu zimene likasa limalowa woyang'anira mayeso atayang'ana kuwindo. Tikudziwa za alawansi ya maphunziro amene munthu sanapiteko. Tikudziwanso chija sitikonda kutchula, mphunzitsi amene amaitanira mwana wa fomu 2 kunyumba kwake kuti akamuthandize masamu, stafu yonse ikudziwa, ndipo pakamveka mimba wochotsedwa sukulu ndi mwanayo.

Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo panali mayi wina, wophunzitsa Chichewa, wosalankhulalankhula. Sankalalikira pa asembule, mawu ake anali aang'ono. Atadziwa zimene mphunzitsi mnzathu ankachita ndi mtsikana wina wamasiye, anapita kwa ahedi. Ahedi anati tikambirana ngati banja. Anadikira milungu iwiri, kenako analemba kalata yopita kwa akuluakulu, n'kusayina dzina lake. Zimene zinatsatira mukhoza kuzilota. Mu stafu rumu akalowa nkhani inkatha. Ankamunena kuti akufuna kuphetsa ana a mnzake ndi njala, ena n'kumati Mkhristu weniweni amakhululuka. Mwamunayo anali wa kwaya, wodziwa kupemphera mpaka anthu kulira. Chaka chisanathe mayiyo ndiye anasamutsidwa, kupita ku sukulu yakutali kumene ankayenda wapansi kuchokera pamsewu. Mtsikanayo analemba mayeso ake. Mayi uja sanapezeke pa kanema aliyense, ndipo sindikudziwa ngati anamvapo dzina la GAFCON.

Ndikudziwa chimene ena a inu mudzandiyankhe, kuti nkhani za chiphunzitso ndi zina, nkhani za ziphuphu ndi zina, ndipo mpingo uyenera kuteteza chiphunzitso choyamba. Ine sinditha kuzilekanitsa. Mwana wa fomu 3 amatimva tikudzudzula machimo a ku London ndi ku New York, kenako amationa tikulandira envulopu kuti mwana wa mwini golosale apeze malo ku hositelo. Ana si opusa. Akachoka mu mpingo sindikhulupirira kuti amachoka chifukwa ulaliki unali wofewa. Ambiri amene ndalankhula nawo amati anatopa kuona akuluakulu olusa ku guwa koma ofewa ngati nthochi yakupsa pamaso pa bwana ndi ndalama.

Inu apatironi a SCOM ndi YCS, ndili ndi pempho. Kalata ya 1992 ija si yaitali, ikhoza kuwerengedwa masana amodzi. Mupeze kope ku parishi kapena pa intaneti, mukhale pansi ndi ana, aiwerenge okha mokweza ndime ndi ndime, a CCAP, a Katolika, a Seventh Day ndi a Pentekosite pamodzi. Ine ndinayesa chaka chatha ndi ana okwana 40. Titafika pa gawo la maphunziro mnyamata wina anakweza dzanja n'kufunsa ngati kalatayo inalembedwadi iye asanabadwe, poti kalasi yawo ili ndi ana oposa 90 ndipo buku la Biology amagawana anthu asanu ndi mmodzi. Mtsikana wina anafunsa kuti akanakhala katekisiti tsiku lija, amayi ake akanamulola kuwerenga? Anakangana okhaokha mpaka belu la chakudya chamadzulo linalira, ena n'kuphonya nyemba. Amene muyese mundiuze mmene ziyendere kwanuko, makamaka inu a masukulu oyendera, poti ana anu amafulumira kubwerera kunyumba dzuwa lisanalowe.